Kodi Zigawenga Zogwidwa pa Nkhondo Zimapita Kuti? Phunziro Locokera M'malire a Katete

M'mwezi wa January caka ca 2026, asilikali a boma la Syria analanda madera ambiri a kumpoto cakum'mawa kwa dzikolo, omwe kwa zaka zingapo anali m'manja mwa gulu la nkhondo lotsogoleredwa ndi anthu a mtundu wa Kurd, lochedwa Syrian Democratic Forces, kapena SDF mwacidule. Cimene cinadetsa nkhawa kwambiri maiko akunja pa nkhondoyo cinali ndende. M'maderawo munali ndende ndi misasa momwe a Kurd anali kusungiramo zigawenga za gulu la Islamic State pamodzi ndi akazi ndi ana ao. Akaidi ena anathawa pa ndende ya al-Shaddadi, alonda a SDF anacoka pa msasa wa al-Hol, ndipo asilikali a dziko la America anayamba kusamutsira akaidi m'dziko la Iraq. Pofika pakati pa mwezi wa February anali atasamutsa oposa 5,000.

Omvera ambiri angaone ngati imeneyi ndi nkhani ya kutali, yosakhudza mlimi wa cimanga ndi nshawa wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi. Koma funso limene lavuta maiko a mphamvu ku Syria ndi lomwelo limene anthu a m'malire a Cigawo ca Kum'mawa anakumana nalo zaka zoposa 30 zapitazo: munthu amene anatenga mfuti, napha anthu osalakwa, akagwidwa kapena nkhondo ikatha, acitidwe ciani? Dera lathu lino layesapo kale njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Pamene nkhondo inaoloka malire

Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi gulu la RENAMO ku Mozambique inatenga zaka pafupifupi 16, ndipo inatha m'caka ca 1992. Gulu la RENAMO linakhazikitsidwa mothandizidwa ndi akazitape a boma la azungu la Rhodesia, ndipo dziko la Zimbabwe litalandira ufulu m'caka ca 1980, boma la tsankho la South Africa ndilo linapitiriza kulipatsa zida. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa cifukwa ca nkhondoyo ndi njala yobwera nayo. Dziko la Malawi lokha linalandira othawa kwao oposa miliyoni imodzi.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawengazo zinayamba kuolokera m'Zambia kucokera ku cigawo ca Tete. Midzi ya m'malire m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke inaukiridwa. Pa nthawiyo Vubwi anali mbali ya Chadiza, ndipo Sinda anali asanakhale boma paekha. Zigawengazo zinali kulanda ng'ombe, cakudya ndi katundu wa m'masitolo, kutentha nyumba, kupha anthu, ndi kugwira ena kuti asenze katundu wakubayo kupita naye kutsidya. Mabanja ambiri anali kugona kuthengo. Boma la a Kenneth Kaunda linatumiza asilikali m'malire, ndipo m'caka ca 1988 asilikaliwo analondola zigawenga mpaka kulowa m'dziko la Mozambique.

Covuta cinali cakuti m'dera limeneli malire anadula mtundu umodzi. Acewa a ku Katete, a ku Tete ndi a m'cigawo capakati ku Malawi onse amatula mitulo kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Wothawa nkhondo ndi woyambitsa nkhondo anali kutha kulankhula cinenero cimodzi, ngakhale kukhala a mfunda umodzi. Ndiponso ambiri mwa ogwira mfuti a RENAMO sanalowe m'gululo mwa kufuna kwao. Anagwidwa m'midzi, ena akali ana, ndipo anaphunzitsidwa kupha poopsezedwa kuti akakana aphedwa ndi iwo. Lipoti limene a Robert Gersony analembera boma la America m'caka ca 1988 linayerekezera kuti gululo linali litapha anthu wamba okwana 100,000. Motero munthu mmodzi yemweyo anali kutha kukhala wakupha komanso wolakwiridwa.

Njira yoyamba: cikhululukiro

Pa 4 October 1992, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere mu mzinda wa Rome, pambuyo pa zokambirana zimene anayanjanitsa a bungwe la Akatolika la Sant'Egidio pamodzi ndi Arkibishopu wa ku Beira, a Jaime Gonçalves. Mwezi womwewo nyumba ya malamulo ya ku Maputo inavomereza lamulo la cikhululukiro pa milandu ya nkhondo ya mbali zonse ziwiri. Pangano lomwelo linalamula kuti akaidi ogwidwa cifukwa ca nkhondo amasulidwe. Sipanakhale bwalo lozenga milandu ya nkhondoyo, ndipo sipanakhalenso bungwe lofufuza coonadi ngati limene linadzakhazikitsidwa ku South Africa.

Moyang'aniridwa ndi bungwe la United Nations, asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri anatula pansi zida. Anapatsidwa makasu, mbeu, thandizo la ulendo wobwerera kwao, ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri. Gulu latsopano la asilikali a dziko linayenera kukhala ndi anthu 30,000, koma amene anafuna kulowamo sanafike ngakhale theka la ciwerengeroco. Ambiri anali atatopa nayo mfuti. Pa cisankho ca October 1994, RENAMO inapeza mipando 112 mwa mipando 250 ya m'nyumba ya malamulo, ndipo gulu la kuthengo linasanduka cipani cotsutsa boma.

Nchito imene makhoti sanagwire anaigwira akuluakulu a m'midzi. M'madera ambiri a Mozambique wobwerera ku nkhondo sanali kulowa m'nyumba mwacisawawa. Anali kuyamba wasambitsidwa mankhwala, zovala zake za kunkhondo n'kutenthedwa, ndipo makolo anali kuuzidwa kuti mwana wao wabwera. Mipingo nayonso inacitapo kanthu: m'caka ca 1995 Bishopu wa Anglican a Dinis Sengulane anayambitsa nchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Njira imeneyi inapatsa Mozambique mtendere wa zaka pafupifupi 20, ndipo anthu a m'malire a Zambia anabwerera m'minda yao.

Komabe cikhululukiro cinasiya mabala awiri. Loyamba ndi lakuti olakwiridwa sanamvedwe. Mai wa ku Chadiza amene anaika mwamuna wake m'manda, kapena bambo wa ku Katete amene khola lake lonse linatengedwa usiku umodzi, analibe bwalo ku Mozambique lokadandaulako, popeza lamulo linali litatseka nkhaniyo. Bala laciwiri ndi lakuti RENAMO inatsala ndi kagulu ka anthu a mfuti, ochedwa alonda a mtsogoleri wao. M'caka ca 2013 kuomberana kunayambanso m'cigawo ca Sofala, ndipo m'zaka za 2015 ndi 2016 anthu zikwi zambiri a ku Tete anathawira pa mudzi wa Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi. Panafunika pangano lina, la pa 6 August 2019, pakati pa a Filipe Nyusi ndi a Ossufo Momade. Asilikali a RENAMO oposa 5,000 anatula zida, msasa wao wotsiriza ku Gorongosa unatsekedwa mu June 2023, ndipo boma linavomera kuwapatsa penshoni. Nchito imene inasiyidwa theka mu 1994 inatenga zaka zina 29 kuti ithe.

Njira yaciwiri: kupatula

Njira yaciwiri inayesedwa m'cigawo cathu comwe cino, pa Ukwimi, m'dera limene pa nthawiyo linali pansi pa boma la Petauke. Msasa wa Ukwimi unatsegulidwa m'caka ca 1987 kuti othawa nkhondo a ku Mozambique acoke m'midzi ya m'malire momwe anali kuukiridwa. Mtendere utabwera anthuwo anabwerera kwao, ndipo malowo anasanduka minda ya nzika za Zambia. Koma nkhondo ya ku Angola itakulanso, pakati pa othawa amene analowa ku Cigawo ca Kumadzulo ndi ca Kumpoto Cakumadzulo panali amuna amene anamenyapo nkhondo kumbali ya UNITA. Boma la Angola linali kale kudandaula kuti gululo likupeza thandizo kudzera m'Zambia, zimene boma la a Frederick Chiluba linakana.

Pofika caka ca 2001 boma pamodzi ndi bungwe la UNHCR linali litatsegulanso Ukwimi kuti asilikali akale oterewa, ena ndi mabanja ao, akhale kumeneko, mbali ina ya dziko, kutali kwambiri ndi malire a Angola. Colinga cinali cakuti misasa ya amai ndi ana isasanduke malo olemberako asilikali kapena obisirako zida. Zimenezi zinagwirizana ndi pangano la OAU la 1969 lokhudza othawa kwao, limene limapempha maiko kuti aziika othawa patali ndi malire a dziko limene acokera.

Kupatulako kunathandiza, koma tiyenera kukumbukira cifukwa cake. A Jonas Savimbi anaphedwa pa 22 February 2002, pangano loleka nkhondo linasainidwa pa 4 April caka comweco, ndipo kuyambira 2003 anthu a ku Angola anayamba kubwerera kwao. Ukwimi unali malo odikirirapo, ndipo cimene anali kudikira cinafika. Kukanakhala kuti nkhondo ya ku Angola inapitirira zaka zina khumi, ana obadwira mu msasawo akanakula osadziwa moyo wina, ndipo nkhani yake ikanafanana ndi ya ku Syria.

Cimene cinalakwika ku Syria

A Kurd ndi mtundu wa anthu mamiliyoni ambiri amene, monga Acewa, anagawidwa ndi malire. Ali ku Turkey, ku Iraq, ku Iran ndi ku Syria, koma alibe dziko lao. Ndi iwo amene anamenya nkhondo ya pansi yolimbana ndi Islamic State ku Syria, mothandizidwa ndi ndeke za America ndi maiko ena. Malo otsiriza a gululo, mudzi wa Baghouz, atagwa mu March 2019, a SDF anatsala ndi amuna pafupifupi 10,000 m'ndende, ndipo mwa iwo pafupifupi 2,000 sanali a ku Syria kapena a ku Iraq. Msasa wa al-Hol unafika posunga anthu oposa 70,000, ambiri mwa iwo akazi ndi ana.

Popeza a Kurd sanali boma lovomerezeka ndi maiko, makhoti ao sanazenge milandu ya alendowo. Iwo anapempha kuti dziko lililonse litenge nzika zake, kapena kuti pakhazikitsidwe bwalo la maiko onse. Maiko monga Kazakhstan ndi Kosovo anabweza anthu ao ambiri. Koma maiko ambiri a ku Ulaya anazengereza, poopa kuti umboni wa kunkhondo sudzakwanira m'makhoti ao ndiponso poopa mkwiyo wa ovota. Dziko la Britain linafika polanda ena unzika. Zotsatira zake zinali zakuti anthu zikwi zambiri anakhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri osaonekera pamaso pa woweruza, wolakwa kwambiri pamodzi ndi mnyamata amene anatengedwa ali mwana.

Vuto lina linali lakuti alonda a ndendezo anali ndi nkhondo yao. Boma la Turkey linali kuona asilikali a Kurd a ku Syria ngati nthambi ya PKK, gulu limene linamenyana nalo kuyambira 1984. Mu October 2019, asilikali a America atacoka m'malire, Turkey inalowa m'deralo, ndipo mazana a anthu anathawa pa msasa wa Ain Issa. Mu January 2022 zigawenga zinaukira ndende yaikulu ya mu mzinda wa Hasakah kuti zimasule anzao, ndipo nkhondo ya pamenepo inatenga masiku oposa sabata, nkufetsa anthu mazanamazana. Boma la a Bashar al-Assad litagwa pa 8 December 2024, atsogoleri atsopano a ku Damascus anafuna kuti dziko lonse libwerere m'manja mwao. A Ahmed al-Sharaa ndi mkulu wa SDF, a Mazloum Abdi, anasaina pangano mu March 2025, koma kusamvana kunapitirira mpaka nkhondo ya January 2026.

Ndende yosunga anthu popanda mlandu imakhala sukulu ya zigawenga. A Abu Bakr al-Baghdadi, amene anadzakhala mtsogoleri wa Islamic State, anasungidwapo pa ndende ya asilikali a America ya Camp Bucca ku Iraq m'caka ca 2004. Mu July 2013 gulu lao linathyola ndende ya Abu Ghraib n'kumasula akaidi mazana angapo, ndipo caka cotsatira linalanda mzinda wa Mosul. Mu Africa muno zoterezi zacitikanso: ku Beni m'dziko la Congo mu October 2020 akaidi oposa 1,000 anathawa ndende itaukiridwa, ndipo ku Kuje pafupi ndi Abuja ku Nigeria mu July 2022 mazana ena anathawa.

Njira yacitatu: khoti

Nkhaniyi yayandikira kwa ife cifukwa ca zimene zinayamba ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, pa 5 October 2017, pamene zigawenga zinaukira apolisi mu tauni ya Mocímboa da Praia. Gululo linadzalumikizana ndi Islamic State. Mu March 2021 linaukira tauni ya Palma, ndipo cakumapeto kwa caka comweco linafika m'boma la Mecula ku Niassa. Asilikali a Rwanda analowa mu July 2021, ndipo bungwe la SADC linatumiza gulu lake la SAMIM, momwe Zambia inatengako mbali, kufikira pamene linacoka mu July 2024.

Boma la Mozambique linayesa njira ya khoti. Pa mlandu waukulu woyamba ku Pemba anthu 189 anaimbidwa mlandu. Pa ciweruzo ca April 2019, anthu 37 anapezeka olakwa, ndipo oposa 100 anamasulidwa cifukwa cosowa umboni. Ena anganene kuti boma linalephera. Koma ciweruzoco cionetsa phindu la khoti: cinasiyanitsa wolakwa ndi munthu wongogwidwa cifukwa anapezeka pa malo olakwika. Akanangotsekeredwa onse popanda mlandu, anthu osalakwa oposa 100 akanawonjezera mkwiyo m'mabanja ao, ndipo mkwiyo wotere ndiwo cakudya ca zigawenga. Pambali pa makhoti, a Nyusi analonjezanso cikhululukiro kwa odzipereka okha, ndipo m'caka ca 2022 ena anaonetsedwa pa misonkhano asanabwezedwe kumidzi kwao.

Khoti nalonso likhoza kusanduka cida cobwezera. Ku Iraq, kumene akaidi a ku Syria anatumizidwa, mabungwe oona za ufulu wa anthu anadandaula m'zaka za m'mbuyomu kuti milandu ina ya zigawenga inali kuzengedwa m'mphindi zowerengeka, kudalira pa kuvomera kwa woimbidwa mlandu, ndipo cilango cinali kukhala imfa cifukwa congokhala membala wa gululo. Ciweruzo cotere sicimauza mai wofedwa amene anapha mwana wake.

Kusiyana kwa dzulo ndi lero

Sitingatenge mankhwala a 1992 n'kungowapaka pa bala la lero. RENAMO inali ndi mtsogoleri wodziwika amene anatha kukhala pa tebulo, ndipo cimene inali kufuna, mipando m'boma, cinali cotheka kugawana. Asilikali ake anali nzika za dziko limodzi ndipo anali ndi midzi yobwererako. Islamic State sivomereza cisankho kapena malire a maiko, ndipo ogwira mfuti ake amacokera m'maiko ambiri. Ku Cabo Delgado kwapezekamo anthu a ku Tanzania ndi maiko ena oyandikana nao. Mlendo wogwidwa kumeneko alibe mfumu ya m'deralo yomulandira kapena ankhoswe omuyankhulira. Dziko lake likamukana, amatsala m'manja mwa womugwira.

Ngakhale zili tero, pali zinthu zitatu zimene mbiri ya dera lathu ndi ya Syria zimagwirizana. Coyamba, ogwidwa asaikidwe m'thumba limodzi. Wolamula kupha, wosenza katundu mokakamizidwa, mkazi wogwidwa ukapolo ndi mwana wobadwira kuthengo ndi anthu osiyana, ndipo kuwasiyanitsa kuyenera kucitika m'miyezi yoyamba, umboni usanazizire. Caciwiri, malo osungirako anthu akhale ndi tsiku lotsekera. Cacitatu, dziko lililonse litenge nzika zake. Mwana akaononga kwa eni, mwini mwana ndiye amapita ku bwalo.

Zambia ili ndi malamulo okhudza nkhaniyi: lamulo la othawa kwao la 2017 ndi lamulo lolimbana ndi ucigawenga la 2018. Malamulo aakulu a dziko amanenanso kuti womangidwa aonekere ku khoti mosacedwa. Kuyambira December 2022 cilango ca imfa cinacotsedwa m'buku la milandu, motero wopezeka wolakwa akhoza kukhala m'ndende zathu zaka zambiri, pakati pa acinyamata omangidwa cifukwa ca mbuzi kapena foni. Nyumba ya malamulo ndi akuluakulu a ndende ayenera kuganizira za kasungidwe ka munthu wotere tsiku lisanafike.

Kwa anthu a m'malire, amene amaoloka tsiku ndi tsiku kudzera pa Chanida ndi m'tinjira ta m'midzi kupita ku maliro, ku msika ndi ku cipatala, pali cenjezo limodzi. Kukhala maso sikutanthauza kuganizira zoipa mlendo aliyense kapena Msilamu aliyense. Ambiri mwa amene aphedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Cabo Delgado ndi Asilamu, ndipo atsogoleri a mizikiti ya kumeneko ndiwo anayamba kucenjeza boma za gululo nkhondo isanabuke. Mfumu, nyakwawa, shehe ndi mbusa akamadalirana ndi apolisi, mnyamata wonyengedwa ndi lonjezo la nchito kapena maphunziro amadziwika asanacoke pa mudzi.

Akuluakulu a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amene anagonapo kuthengo m'zaka za m'ma 1980 akali moyo, ndipo ena a iwo amagulitsana cimanga ndi anthu a kutsidya amene mwina anali m'magulu omwe anawaukira. Iwo adziwa kuti mtendere unatheka cifukwa wogwira mfuti anapatsidwa njira yobwerera kwao. Adziwanso kuwawa kwa mlandu umene sunazengedwe. Maboma a SADC akamakambirana za ogwidwa ku Cabo Delgado, ndi bwino amve mbali zonse ziwirizi kucokera kwa anthu amene anaziona ndi maso.